Disitibyuta ya Galimoto ya a Fabiano

Chilobwe, Blantyre
14 Seputembala, 1947

Achimwene a Vitalis,

Mukukumbuka tsiku limene galimoto ya bambo inafika pakhomo? Inabwera ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri kuchokera ku Limbe, itaphwanyika kumaso. A Navin, amene bambo ankawayendetsera, anati ndi chitsulo chabe, atenge. Bambo anaikonza miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku loiliza anakugwiritsani waya, moto unakulumani, munalumpha mukutukwana, iwo n'kuseka mpaka kukhala pansi. Ine nditasendera kuti ndione, anati, "Iwe bwerera uko, manja ako ndi a mabuku." Ndinali ndi zaka khumi. Ndinabwerera, ndipo sindinasenderenso.

Moni wanga ndi uwu, wochedwa. Ine ndili bwino, kaya inu ku Halaleko.

Bambo sali bwino. Matenda aja ofa ziwalo awagwiranso pa 2 mwezi uno. Mbali yonse ya kumanja yafa ndipo mawu atsekeka. Dokotala wa ku mishoni wati palibe china choti achite. Dzulo lake, asanagwe, anandiitana pakhonde nati, "Aloysius, usandiike m'tauni muno pakati pa alendo. Ukanditule ku Neno, pafupi ndi mayi anga, ndikadali ndi maso." Ndinavomera. Sindinadziwe kuti amenewo ndi mawu awo otsiriza.

Malole a amalonda amathera pa Mwanza, ndipo munthu amakwera pamwamba pa matumba, padzuwa. Kuchoka pa Mwanza ndi masiku awiri pa machira. Mlongo wawo, azakhali a Magdalene, amene abwera kudzawadwazika, akuti sangafike amoyo. Njira ndi imodzi, galimoto yawo yomwe, mmene angagone kumpando wa kumbuyo. Tiyenera kuwoloka Wamkulumadzi mvula isanadzaze mtsinjewo.

Koma galimotoyo yakhala chaka chathunthu osalira. Woyendetsa lole wina anaiona nati chafa ndi disitibyuta, kachitsulo kogawa moto ku mapulagi. Yang'aluka ndipo yadyeka mkati. M'masitolo a ku Blantyre akuti chithere nkhondo zotere sizinabwerebe. Ndichite chiyani? Inu mumagwira m'galaja. Ndiuzeni ngati mukuuza mwana.

Mng'ono wanu,
Aloysius


Salisbury
26 Seputembala, 1947

Aphunzitsi,

Moni, moni. Ine ndili gwa. Za mdala zandipweteka, koma usalire msanga, munthu uja ndi chitsulo.

Nanga ku Fort Hare anakuphunzitsa chiyani zaka zonse zija, ngati disitibyuta ikukusowetsa tulo? Imeneyo ndi nkhani ya tsiku limodzi. Kwera njinga upite ku Limbe, kuseri kwa njanji, kumanda a magalimoto kwa a Rafiq. Ukafunse mkulu wina Myao dzina lake Alidi, ndiye amadziwa mtembo uliwonse pamenepo. Ukanene kuti Fodi ya 1929, mapulagi anayi. Basi. Galimoto ija ndimaidziwa ngati chikhatho changa, ndinagona pansi pake kuposa pamphasa. Fodi ndi Fodi, usavutike kunyamula yakufayo, ungadetse malaya a kusukulu.

Mawaya uike mmene unawapezera. Ukapukusa handulo chala chachikulu usachizunguze pachitsulo, ikabweza imathyola.

Kubwera sindingathe tsopano. Mzungu wa pano sapereka tchuthi mpaka Khirisimasi, ndipo ukachoka wekha pasi yako amailemba zoipa. Uwauze mdala kuti Vitalis akuti adikire.

Ndine,
Vitalis


Chilobwe
9 Okutobala, 1947

Achimwene,

Landirani moni. Bambo akumwa phala pang'ono. Maso okha ndiwo akuyankhula.

Ndinapita ku Limbe Loweruka. Ndinalemba papepala monga munanenera, ndinakoperanso nambala za m'kabuku ka galimoto. A Alidi ndi munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zoyera, amakhala pa mpando wa lole pansi pa mtengo wa mango. Anayang'ana pepala langa osaligwira.

"Yakufayo ili kuti?"

Ndinati ili kunyumba, koma zonse ndalemba apa.

"Che mwalimu, ife kuno sitiwerenga. Timaika yakufa apa, yamoyo apa, n'kuona ngati ndi pachibale."

Ndinawauza kuti mkulu wanga ndi makaniko ku Halale ndipo wati Fodi ndi Fodi. Ndikuganiza kuti ndinanena mokweza kuposa mmene ndinafunira. Sindinawauze n'komwe kuti ndine mwana wa yani. Anakweza mapewa, analowa m'udzu, nabwera nayo atazula pa Fodi ina yopanda matayala.

Achimwene, sikulowa. Ndayesa masiku atatu ndikaweruka kusukulu. Ndaitembenuza mbali zonse. Mwina ndine amene sindikudziwa kulowetsa. Pamene ndikugogoda, zenera la bambo limakhala lotsegula ndipo ndimadziwa kuti akumva. Ndikalowa m'nyumba amandiyang'ana, ine n'kunena kuti, "Mawa, bambo." Ndanena mawa kasanu tsopano.

Kutentha kwafika poipa. Phiri la Soche silikuoneka ndi utsi. Azakhali akuti nyerere zayamba kusamutsa mazira.

Aloysius


Salisbury
21 Okutobala, 1947

Aloysius,

Moni. Akuona tayi akupusitsa, akupatsa ya lole. Anthu a pasikirapu ndi choncho. Usapitekonso. Ndazula ine ndi manja anga pa Fodi ya 1929 yeniyeni, ndaipukuta, ndayesa moto wake, ndi wabuluu. Ndapatsira Mikaili, woyendetsa lole ya fodya, adzakusiyira pa sitolo ya a Navin. Ikafika, theka la ola galimoto yalira. Ukadzafika kumudzi undilembere, undiuze ngati mtengo wa masuku uja ulipobe.

Vitalis


Chilobwe
6 Novembala, 1947

Achimwene,

Moni. Ndilemba mosakongoletsa.

Mikaili anachedwa masiku asanu ndi limodzi pa Tete, pantoni yowolotsa malole itawonongeka. Phukusi ndalandira Lolemba. Nditamasula ndinaika pambali pa ija ya a Alidi. N'zofanana ngati mapasa. Sanandipusitse. Yanunso sikulowa.

Dzulo ndinachita chimene ndikadachita mwezi wapitawo. Ndinakulunga yakufayo m'nsanza n'kupita nayo ku Limbe. A Alidi anangoitembenuza kamodzi.

"Iyi ili ndi mano kunsi. Ya Fodi ili ndi lilime. Iyi ndi ya Shevuleti, yakalekale." Kenaka anandiyang'anitsitsa. "Galimoto ya Fodi ya mtima wa Shevuleti m'Blantyre muno ndi imodzi. Inu ndinu mwana wa che Fabiano?"

Achimwene, injini imene munkagona pansi pake ija kulibe. Inasweka mu 1942, inu muli ku Halale, ine ndili ku sukulu. Bambo ndi a Alidi anazula injini ya Shevuleti pa lole yakufa n'kuimanga m'galimoto yathu, milungu itatu akusula zitsulo zogwirizira. Dzina la pamphuno ndi m'kabuku linatsala lakale. Sanatiuze. Kapena anandiuza pa tchuthi china ine maso ali m'buku, sindikudziwa.

Ndinapempha ya Shevuleti. A Alidi anati mtundu umenewo unatha, ndipo yotsiriza anatenga ndi bambo omwe. "Ankati mwini galimoto yokalamba amasunga ziwiri. Kayang'aneni m'katundu wawo."

M'shedi mulibe, ndagwetsa chilichonse. Kwatsala bokosi lawo lachitsulo la pansi pa bedi, limene kiyi wake amavala m'khosi pamodzi ndi mendulo. Nditangolitchula, azakhali anaimirira pakhomo la chipinda. Akuti bokosi la munthu limatsegulidwa maliro atatha, pamaso pa abale, ndipo mwana wolitsegula bambo ake akupuma ndiye kuti wawaika kale m'manda.

Ndikudziwa kuti ndi mwambo chabe. Ndaphunzira zokwanira kuti ndinene choncho. Koma ndikagwada kuti ndilikoke, manja amakana. Nanga ndikatsegula n'kupeza mulibe? Nanga akamwalira mawa lake?

Lero kwagwa mvula yoyamba, yochepa, yongonunkhiritsa fumbi. Inu ndinu wamkulu. Nenani mawu amodzi, nditsegule.

Aloysius


Chilobwe
7 Novembala, 1947

Kwa mwana wanga Vitalis,

Ndine azakhali ako Magdalene. Akundilembera ndi akatekisiti. Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye.

Ndikuti ulankhule ndi mng'ono wako. Mwanayu ndi wofatsa koma sukulu yamuchotsa mantha. Akufuna kutsegula bokosi la bambo ako iwo ali maso. Ine ndinabadwa mimba imodzi ndi a Fabiano. Ndikufuna apite kwathu kuposa wina aliyense. Ndine ndimawatembenuza, ndine ndimawasambitsa. Koma kumudzi akamva kuti ana anayamba kugawana katundu munthu asanatsirizike, adzati chiyani? Adzati anawapha ndi ana awo chifukwa cha galimoto. Dzina limenelo silichoka. Lidzatsata iye, lidzatsata iwe ndi ana ako.

Iye sadya. Amakhala m'galimoto yakufayo ndi manja akuda, kuyang'ana kutsogolo ngati ikuyenda. Ndikuopa kuti tidzadwazika awiri.

Ngati uli ndi chitsulo china tumiza. Ngati ulibe bwera wekha. Bulangete lija unalonjeza silinafike.

Azakhali ako


Salisbury
17 Novembala, 1947

Aloysius mng'ono wanga,

Makalata onse awiri afika tsiku limodzi. Ndawerenga yako katatu. Shevuleti! Mdala uja. Zaka zisanu osandiuza, ine ndikudzitama kuno kuti ndinaphunzira pa Fodi ya bambo anga. Mwezi wathunthu wakutayitsa ndine. Ndikadangoti nyamula yakufayo.

Ndazungulira masikirapu onse a kuno, mpaka ku Gatooma ndatumiza mawu. Palibe.

Za bokosi. Wati ndinene mawu amodzi. Ndakhala ndi pensulo ola lathunthu. Ine ndimakonza magalimoto a azungu, sindipita kwa asing'anga, umandidziwa. Koma usatsegule. Kuno kukomboni munthu wina wa ku Mulanje anavala jekete la mkulu wake ali m'chipatala, m'mawa mwake uthenga unabwera. Mwina zinangokumana. Koma ndi bambo athu, Aloysius. Sindingathe kulemba ndi dzanja langa kuti tsegula.

Dikira Khirisimasi. Ndidzabwera ndi zida, ndidzasula ya Fodiyo mpaka ilowe. Mdala ndi wolimba, adikira.

Usandikwiyire.

Vitalis


Kwa Kaphiri, Neno
5 Disembala, 1947

Achimwene a Vitalis,

Moni wochokera kwathu. Khalani pansi musanapitirize.

Bambo anatisiya Lachiwiri pa 2 Disembala, dzuwa litapendeka. Tawaika Lachitatu, pano pa Neno, kumanja kwa agogo.

Ndikuuzani zonse mwa dongosolo, chifukwa ndinachita chimene munandiletsa ndipo muyenera kumva kwa ine.

Kalata yanu inafika Lachitatu pa 26. Sabata imeneyo mvula inagwa kawiri, ndipo bambo anali atasiya kumeza phala, akungolandira madzi a pasupuni. Khirisimasi sakadaiona, aliyense wowaona ankadziwa. Ndinayenda ndi kalata yanu m'thumba tsiku lonse. Ndinaphunzitsa ana Chilatini osamva chimene ndikunena. Tsono ndili pa bolodi ndinazindikira chinthu chochititsa manyazi. Ndinafunsa inu, ndinafunsa azakhali, ndinafunsa a Alidi. Mwini bokosi sindinamufunse. Kuyambira tsiku limene mawu awo anatsekeka tonse tinayamba kuwayankhulira pamwamba ngati kulibe.

Lachinayi masana ndinalowa m'chipinda, azakhali ali pomwepo akuwapukuta kumaso. Ndinagwada pambali pa bedi.

"Bambo, ndakhala ndikukunamizani. Galimoto silira mawa. Disitibyuta inafa, ndipo ine ndinataya miyezi iwiri kufunafuna ya Fodi."

Pakamwa pawo, mbali yamoyo ija, panagwedera. Achimwene, ndikukhulupirira kuti ankaseka.

"A Alidi akuti muli nayo ina. Kodi ili m'bokosi?"

Anatseka maso n'kutsegula.

"Aloysius, tuluka," anatero azakhali.

Sindinatuluke. Bambo anakweza dzanja lamanzere, linatenga nthawi yaitali kuti lifike pakhosi. Anakoka chingwe mpaka kiyi anatulukira pamalaya, koma kuchivula pamutu sakanatha. Ine ndinatambasula dzanja, iwo anabweza mutu. Ankayang'ana azakhali.

"Achimwene, musandichititse zimenezi," anatero azakhali. "Mukudziika nokha? Mukufuna anthu adzati chiyani?"

Bambo anangogwira kiyiyo, maso ali pa mlongo wawo. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yotani. Potsiriza azakhali anawadzutsa mutu, anavula chingwecho, anachiponya pamphasa n'kutuluka. Ndinawamva akulira kuseri kwa nyumba, kulira kwa maliro.

Ndinatsegula bambo akuona. Munali suti yawo yakuda, chipewa cha udalaivala, masipanala okulungidwa m'chikopa, ndi makalata anu onse kuyambira 1938, omangidwa ndi waya. Pansi penipeni panali chitini cha mabisiketi, m'kati mwake disitibyuta yokutidwa ndi nsanza ya mafuta. Ndinaitembenuza. Mano.

A Alidi anabwera Lachisanu atachoka ku mzikiti. Analowa kaye kwa bambo, anakhala nawo akuwauza nkhani za anthu amene ine sindiwadziwa. Kenaka anavula mkanjo. Disitibyuta ija inalowa ngati ikubwerera kwawo. Anatseka bowo la pulagi ndi chala, ine ndikupukusa handulo pang'onopang'ono mpaka mpweya unawakankha, ndiye anamanga mawaya. Kupukusa kwachinayi injini inatsokomola, kwachisanu inalira. Nkhuku zonse za m'Chilobwe zinathawa.

M'chitini muja munalinso chidutswa cha chubu chosokedwa ngati kathumba, cha mabowo asanu. Ine ndinali nditachitaya pansi. A Alidi anachitola nati, "Ichi musasiye, ndi chowolokera."

Ine kuyendetsa sindidziwa, inunso mukudziwa. A Alidi sindinawapemphe. Anangoti, "Mawa mbandakucha. Che Rafiq ndikawauza kuti ndikukaperekeza mnzanga."

Tinanyamuka Loweruka, bambo atagona kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya azakhali, bokosi titalimanga pambuyo. Azakhali sanandiyankhule njira yonse. Tayala linaphulika kawiri tisanawoloke Shire. Tinagona pa Mwanza, ndipo kumapiri kunkang'anima.

Tinafika pa Wamkulumadzi Lamulungu dzuwa lili pamutu. Madzi anali ofiira, akunyamula zinyalala. Anthu amene tinawapeza pamenepo anati m'mawa anali m'mawondo, tsopano afika m'ntchafu, ndipo akukwerabe. Ndinalowamo ndi ndodo kuti ndiyese, anandikankha mpaka ndinagwira mwala. Ndinabwerera n'kuuza a Alidi kuti tachedwa. Ndinakhala pansi m'matope, ndi tayi yanga, anthu akuona.

A Alidi anatsegula boneti. Anavula lamba wa fani kuti isamwaze madzi. Anaveka disitibyuta kathumba kaja, waya uliwonse pabowo lake, namata girizi paliponse. Kenaka anasuzumira kumbuyo.

"Che Fabiano, njira yake ndi iti? Ine pano sindinawolokepo."

Tinawadzutsa kuti aone. Anayang'ana mtsinje nthawi yaitali, kenaka dzanja lija linaloza kumtunda, kumene madzi ankaoneka oipa kwambiri, akuchita thovu. A Alidi anati thovulo ndiye kuti pansi pali mwala. Analowa pomwepo.

Madzi analowa pansi pa zitseko mpaka m'mapazi. Azakhali ankanena Tikuoneni Maria mokuwa, a Alidi akunena zawo. Pakati penipeni galimoto inatsetsereka, injini inatsamwa, ndinamva ikufa. Bambo anamenya mpando ndi chikhatho, kawiri. A Alidi anaponda mafuta. Inalira. Tinatulukira tsidya lino madzi akutuluka m'zitseko ngati m'dengu.

Anakhala masiku awiri pamudzi. Tinawagoneka pakhonde la nyumba ya malume awo, a Wilikinsi, pamene ankaona phiri ndi msitu wa kumanda. Anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzatchula maina awo, iwo akutseka maso n'kutsegula. Lolemba anameza phala masupuni atatu. Mtengo wa masuku munafunsa uja ulipo, ndipo wabereka.

Sindikudziwa ngati ulendowu unawafupikitsira masiku. Ndimadzifunsa. Mwina pabedi lawo ku Chilobwe akadafika Khirisimasi, mukadawaona. Ngati ndinakulandani zimenezo, ndikhululukireni, kapena musandikhululukire msanga, ndidzamvetsa.

Dzulo m'mawa, titameta, akuluakulu anaitanitsa bokosi. Malume analiyang'ana, anayang'ana loko, nati, "Ili latsegulidwa kale. Girizi uyu ndi watsopano. Watsegula ndani mwini wake ali moyo?"

Ndinayamba kudzuka. Azakhali, amene anali asanandiyankhule chichokere ku Blantyre, anayankha osandiyang'ana.

"Kiyi ndinavula ndine, m'khosi mwa mlongo wanga, atandipempha yekha. Amene ali ndi mlandu anene ndi ine."

Malume anatsegula n'kuyamba kugawa. Masipanala akuti ndi anu. Chipewa apatsa a Alidi. Ine andipatsa suti, imene sindikwana.

Mtsinje wadzaza tsopano, galimoto ikhala kuno mpaka Epulo. Ana a pamudzi aifolera udzu. Ine nditsala mpaka Misa ya pa sabata, za kusukulu ndikaziona ndikabwerera. A Alidi akunyamuka tsopano lino wapansi, anyamata akawawolotsa ndi chingwe kumtunda, ndipo akuti pa Mwanza sipasowa lole ya ku Halale. Aima pakhomo ndi chipewa chija kumutu, akuti dzuwa likukwera. Ndapinda mapepalawa kanayi kuti akwane m'chitini cha mabisiketi, angalowe madzi, ndipo ndikuwapatsa.

Mng'ono wanu,
Aloysius